Fupa la m'manda a Goodson

Amene anamulakwira Linily NyaMoyo ndi mlamu wake, Bestone. Anapita ku Joni kukatenga mtembo wa mkulu wake, Goodson, n'kubwera ndi bokosi lokhomerera. Anati lole inaphwanya nkhope, munthu asatsegule. Linily anamvera. Anameta, anavala zakuda chaka chathunthu, ndipo kwa zaka zitatu wakhala akupalira manda a mwamuna wakeyo kuseri kwa Champhira.

Chaka chino mvula inakumba chigwembe n'kugumula manda atatu. Tsiku losuntha mafupa kunabwera wapolisi ndi dokotala wa kuboma. Bokosi linali litawola, ndipo fupa la mkono, lija la pakati pa phewa ndi chigongono, linali litathyoka. Dokotala analitola, n'kusuzumira mkati mwake nthawi yaitali. Kenako anafunsa zaka za malemu.

Linily anati 64. Anawonjeza kuti anali munthu wotheratu ndi chifuwa cha utuchi chimene anachitenga pocheka matabwa ku Chikangawa, moti akafuna kuyankhula ankayamba watsokomola kawiri.

Dokotala anapukusa mutu. Anamuonetsa kumutu kwa fupalo, mkati muli mothinana ngati zisa za njuchi. Anati munthu akamakalamba mphako ya mafuta imakwera chakuphewa, zisazo n'kumatha ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe.

"Uyu, mama, sanafike ngakhale zaka 30."

Mtima wa Linily unawira. Ndiye kuti Bestone, ndi uchidakwa wakewo, anakaloza mtembo wolakwika. Mwamuna wake anatsala kuchilendo, kukwiriridwa ngati galu popanda nyimbo, iye kuno akulirira mwana wa eni ake. Mawondo onse aja ogwada pamanda, maluwa onse aja, wopindula mlendo.

Anamupeza Bestone atazembera kuseri kwa mtengo, monga amachitira nthawi zonse foni yake ikalira. Anamugwira malaya pakhosi anthu onse akuona.

"Alamu, amuna anga munawataya kuti? Lero lomwe mukwere basi mukawatenge."

Foni inapulumuka m'manja mwa Bestone n'kugwera pa dothi la manda, ikulirabe. Linily anaitola, anaiyankha kuti woimbayo, kaya ndani, amveko naye zamanyazi zimene mnzake anachita.

Asanatsegule pakamwa, m'fonimo munthu anatsokomola kawiri.

"Mbwenu mwawasuntha mafupa aja, Bestone? NyaMoyo sanaone kanthu?"

Pambali pa mawuwo khanda linkalira, mayi wina akulitonthoza.

Tsono inu mukuwerenganu, muyankheni Linily: tsitsi lake lija anametera ndani?