Ndalama za Ana Anazipatsira Malume

Panali munthu wina kwa Mwambo, bambo Edwadi, amene anali ndi boti la injini lonyamula anthu opita ku chilumba cha Chisi. Woyendetsa botilo anali Aubrey, yemwe anasiya mkazi wake Jenifa ndi ana atatu, osatumizako ngakhale sopo.

Jenifa anakasuma. Khoti linalembera a Edwadi kalata yoti mwezi uliwonse azidula gawo la malipiro a Aubrey, azikapereka kukhotiko ndi kulandira lisiti.

Kudula anadula ndithu. Koma tsiku loti apite, padoko panafika a Meshack, achimwene ake a Jenifa, Baibulo lili m'khwapa.

"Muvutikirenji ndi ulendo wa ku Zomba, bambo? Mwinimbumba ndine, ana aja ndi anga. Muzingondipatsira, ndizikasiya ndekha."

A Edwadi anaona kuti nzoona, pajatu kwathu kuno za ana amadziwa ndi malume. Akazi awo, a Enelesi, anawatsina khutu.

"Bambo a Mphatso, kalata ija yatchula khoti, sinatchule malume."

"Mayi, munthu wamkulu ngati uja ndikamufunse lisiti? Manyazi ake."

Miyezi isanu ndi itatu a Meshack ankabwera kudzatenga ndalamazo osaphonya. Njinga yawo yakapalasa inasanduka yamoto, a Edwadi n'kuwayamikira kuti Mulungu wawadalitsa.

M'mawa wina akukhoti anafika padoko, Jenifa ali pambuyo, wowonda, mwana kumsana. Mwana wake wamkulu anali atasiya sukulu.

"Bambo Edwadi, ndinakulakwirani chiyani ine? Mpaka kudya za ana anga?"

Mawuwo anawalasa mumtima. Analumbira, natchula a Meshack. Akukhoti anangoti, "Tioneni malisiti." A Meshack ataitanidwa anayankha maso ali gwa, "Bambowa ine ndimangowadziwira kutchalitchi."

Aubrey anati zake zinadulidwa kale, asamukhudze. Khoti linagamula kuti a Edwadi alipire zonse kuchokera m'thumba mwawo. Analibe. Injini ya boti inamasulidwa kuti ikagulitsidwe anthu akuona, a Enelesi akulira mwakachetechete.

Lero boti lija a Edwadi amalikankha okha ndi nsungwi, ndipo okwera amasankha ena. A Meshack akamadutsa pa njinga yamoto ija amaperekabe moni mwaulemu kwa a Edwadi.

Phunziro: Khoti likakulamulani kudula malipiro a wantchito wanu, kaperekeni komwe kalata yanena ndipo sungani lisiti. Ulemu ndi wabwino, koma sukakuchitirani umboni. Musaisunge nokha nkhaniyi, ipatsireni aliyense amene ali ndi wantchito, ngakhale mmodzi.