Mayi wa Pakhoma

"Chokongola ndithu," anatero Bernadette atayang'anitsitsa chithunzi chimene mwamuna wake, Lowell, anali atangovundukula. "Koma mayiyu ndani?"

"Ndiwe, nanga angakhalenso ndani?"

Nyengo yonse yachisanu Lowell ankaswera kunyumba yosungirako zithunzi zakale mumzinda wa Toronto, akukopera ndi utoto nkhope ya mayi wina amene katswiri anamujambula kalekale. Ankati akazolowera dzanja la katswiriyo, adzajambula mkazi wake ngati mphatso yokumbukira tsiku la ukwati wawo.

"Masowa ndi a mkazi mnzanga wa pakhoma uja," anatero Bernadette akuseka pang'ono. "Mphunonso ndi yake. Changa apa ndi ndolo zokha, bambo."

"Tsitsili ndi lako," Lowell anakakamira, akuloza tsitsi lalitali logwera m'mapewa pachithunzipo.

Anatembenuka kuti afanizire. Tsitsi la mkazi wake linali lalifupi, lolekezera m'makutu. Lowell anasowa poyang'ana.

"Wadula liti?" anafunsa chapansipansi.

"Khirisimasi isanafike," anayankha Bernadette, akupukuta fumbi pakhoma. "Ndiye timupachike pati mlendoyu?"