Chitenje cha Pakati pa Namasupuni

Ine ndi mlamu wanga Saulos tinadzipereka kuvuula mapulasitiki mu Shire pa Chiromo, tili m'bwato. Dzuwa likupendeka, pakati pa namasupuni, ndinakoka chitenje chodzaza matope, mwina cha mmodzi wa anthu amene anapita ndi madzi osefukira.

"Chibwezeni, alamu," anatero Saulos. "Chili ndi mwini wake."

"Zinyalala zilibe mwini," ndinayankha, n'kuchiponya m'thumba kumbuyo kwanga.

Mdima unatipeza tisanaoloke. Bwato linayamba kulemera chakumbuyo, madzi n'kuyamba kulowa. Kenaka ndinamva munthu akufinya nsalu mosafulumira, madontho akugwera pamsana panga.

Ndinapapasa thumba lija kuti ndichibweze. Munalibe kanthu.

Saulos anacheuka, n'kuleka kupalasa.

"Musatembenuke, alamu," ananong'ona. "Achivala kale."