Pansi pa Khasu Lakutha

Makina ofufuzira zitsulo atalira kachisanu, Abambo a ku mishoni anafukula khasu lakutha, ladzimbiri, naliponya kumbali.

"Zinyalala zokhazokha, amayi," anauza aNdapeza, amene amuna awo anamwalira osaulula pomwe anakwirira ndalama za sukulu ya mwana. "Tiyeni tizipita."

Stefano, msilikali wakale, anali chiimire kumbuyo kwa anthu pabwinja la nyumba ya aNdapeza. Pa Lobi ankamuseka kuti kunkhondo ya ku Burma anabwerako ndi khutu logontha basi. Sankadziwa kuti khutu linalo ndi limene linkamvera mabomba okwirira pa makina ngati omwewa, anzake akuponda momwe iye waponda.

"Abambo, tandibwerekani makinawo."

Anavala zomvera kumutu, nayendetsa mbale ya makinawo pang'onopang'ono pamwamba pa dzenje lomwelo. Misomali ndi zitini zimalira mokalipa n'kuduka msanga. Kulira kumeneku kunali kosalala, kochokera pansi.

"Tikumbe pomwepa."

"Khasu tachotsapo kale," anatero Abambo.

"Kwathu kuno mphika wa ndalama timavundikira ndi khasu lakutha, kuti wakuba akaligunda akhumudwe, abwerere."

Anagwada, nafukula ndi manja mpaka zala zinakhudza mlomo wa mphika. Munali masheleni, ndi makobiri obowoka pakati otungidwa pachingwe ngati mikanda.

ANdapeza analulutira misozi ili mbwembwembwe. Mkulu wina, amene ankatsogolera kuseka kuja, anavula chipewa.

"Mwagwira ntchito, aSajeni."

Stefano anamva bwinobwino. Komabe anapendeketsa mutu, natchera khutu labwino lija.

"Mwati bwanji?"