Apongozi pa Sikelo

"Woyembekezera wa zaka 74 uyu ndani?" anafunsa mphunzitsi wamkulu, chala chili pakompyuta. "Komanso ndi mwamuna!"

Wofunsidwayo anali namwino. Anali pamayeso omaliza a digiri yake yachiwiri, ndipo ankaonetsa aphunzitsi pulogalamu imene anapanga, yotumiza mauthenga pafoni kukumbutsa amayi oyembekezera tsiku la sikelo. Poiyesa miyezi ingapo yapitayo, analowetsamo nambala ya apongozi ake aamuna, n'kuiwala kuichotsa.

"Kaundula wokhala ndi bodza sitikhozetsa," anatero mphunzitsiyo. "Aimbireni muwapepese, kenako muwafufute ife tikuona."

Namwinoyo anapemphera chamumtima, n'kuimba foni onse akumva.

"Bambo, ndimati ndinene za mauthenga a sikelo aja."

"Ndikumapita, mwana wanga, sindinajombepo," anayankha mkuluyo mokondwa. "Azimayi aja amandisungira malo pabenchi. Adokotala anaseka tsiku loyamba lokha, kenako anandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mankhwala ndikumwa. Chimwalirireni apongozi anu aakazi, ndani winanso amandilembera kuti 'Mwadzuka bwanji, mayi'?"

"Ndiye akuti ndikuchotseni m'kaundula, bambo."

"Ndalakwa chiyani?"

Mphunzitsi wamkulu anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya tayi. Kenako anaweramira kwa namwinoyo.

"Kompyuta ikuti mimbayi ndi ya miyezi ingati?" ananong'ona.

"Isanu ndi itatu."

"Asiyeni," anatero akuvala magalasi aja. "Munthu wotopa chonchi sitimuchotsa pa sikelo. Tionetseni tsamba lotsatira."