Chigoba cha Nkhono

"Faides, tipatse chiganizo cha zam'tsogolo!" analamula m'Chingerezi aphunzitsi a Mtonga, akumuloza ndi chikoti.

Faides anaimirira, chigoba cha nkhono chikulendewera m'khosi. Pasukulu ya mishoni imeneyi, m'dera la Kapichila, wogwidwa akuyankhula Chitumbuka ankalandira zikoti zisanu ndi kuvala chigobacho mpaka wina atagwidwa. Iye anazilandira dzulo lake, anyamata akuseka, chifukwa chongofuula kuti "Amama!" mavu atamuluma. M'manja munali motupabe.

Pazenera anaona ng'ombe za Angoni zikuthyola mpanda wa munda wa chimanga wa aphunzitsiwo. Akanakuwa m'chinenero cha kwawo, kalasi yonse ikanathamanga kukazipirikitsa. Koma lamulo ndi lamulo.

"The cows will eat the maize, sir."

"Wakhoza! Nanga zochitika tsopano?"

Faides sanafulumire. Anakanda m'mutu, anayang'ana kudenga, anameza malovu, mpaka ng'ombe yomaliza italowa.

"The cows are eating the maize, sir."

A Mtonga anatembenukira anyamata aja. "Mwamva? Chikoti chimaphunzitsa!" Analemba chiganizocho pabolodi ndi kuchiimbitsa kalasi kambirimbiri, asanafunse Faides za zochitika kale.

"The cows have eaten your maize, sir."

"Mawu oti 'your' alowapo bwanji?"

Faides anangoloza pazenera.

"Adada ine! Vingoma vyane!" anakuwa a Mtonga m'Chitumbuka chenicheni, kulirira chimanga chawo, akuthamangira kukhomo.

Anapeza Faides atagwada kale pakhomopo. Anali atavula chigoba chija, akuwapatsa mwaulemu ndi manja awiri.