Odi Wothera Pagalasi

Chibwerereni lamulo loti zitseko ndi mazenera zikhale za galasi lomatana, lija la pulasitiki pakati, kwa amalume ake a Mwatitha sikulowanso mwala, mbala, ngakhale phokoso.

Loweruka m'mawa, Mwatitha anaona nkhoswe ya Ganizani, chibwenzi chake, itaima pakhonde, itabwera kudzamufunsira mbeta. Mkuluyo ankawomba m'manja, milomo ikuti "odi", koma mawu ankathera pagalasi. Mbeta silonjera yokha oifunsira, ndipo kuuza amalume kunamuchititsa manyazi. Anangokhosomola.

"Kamwe madzi, mwanawe," anatero amalumewo, atafulatira khomo.

Mkulu uja atatopa, anavala chipewa n'kubwerera.

Madzulo amalume anasisita zenera monyadira. "Galasi ili ndi dalitso, Mwatitha. Chiliikireni, palibe wabwera kudzativutitsa."